Masingano a amayi pa katani

Moni nonse abale.

Tangofika kumene kuchokera kwa loya ku Commerce Park, ine, amayi ndi abambo. Nkhani ndi ya mapiritsi a nyamakazi aja dokotala ankawalembera amayi, amene awaononga maso. Loyayo akuti mlandu ulipo, kampani yopanga mankhwalawo ikhoza kupereka chipukutamisozi.

Kenako anafunsa kuti, "Nanga mayi, mukusoka bwanji pomwe simukuona bwino?" Anayankha ndi abambo, motsitsa mawu. Akuti m'mawa uliwonse akaweruka ku ulonda, asanagone, amalowetsa ulusi m'masingano onse n'kuwabaya pa katani, mtundu uliwonse pamalo pake, kuti amayi azingopapasa. Ndi zala zawo zikuluzikulu zija! Ine ndimakhala nawo nyumba imodzi koma sindimadziwa.

Vuto ndi lakuti nkhaniyi ikafika kukhoti, makasitomala a ku Gaborone West adziwa za masowo. Amayi akuopa kuti palibenso amene adzawabweretsere nsalu.

Pobwerera, titakwera kombi, amayi anandigwira dzanja, amvekere, "Mwanawe, ndalamazo zidzandibwezera maso?"

Achimwene, azakhali, tipitirize mlanduwu kapena tiwasiye azisoka mumtendere?