Kalavani ya Chipinda Chimodzi

Amayi anakhala ndi ine zaka zisanu ndi zinayi m'nyumba ya boma pa Mpamba, pomwe ndimagwira ntchito ya unamwino. Kwathu ndi ku Ntcheu. Bambo atamwalira, mawondo a amayi atayamba kuvuta, ndine ndinapita kukawatenga, ndipo panalibe m'bale amene analimbirana nane. Nyumbayo ndi ya zipinda ziwiri. China timagona ine ndi amuna anga. Chinacho ankagona amayi, ana anga aakazi awiri, ndi matumba a mpunga amene timagula kwa alimi a ku Limphasa nthawi yokolola. Amayi ankati iwo akukhala bwino ngati mbewa, kugona mutu uli pathumba la mpunga. Ankanena akuseka, ine n'kumaseka nawo.

Mng'ono wanga anabwera kudzacheza kwa ine chaka china, sanabwererenso kumudzi. Anakwatiwa ndi Mtonga wa ku Kande amene amakonza magalimoto ku Joni, amabwera kunyumba mu Disembala. Alamu angawo ndilibe nawo chifukwa, ndi munthu wofatsa. Chimene chinkandipweteka ndi ichi: mawondo a amayi ndinkawathowa ndine, madzi osamba kuwatenthetsera ndine, koma mng'ono wanga akangobweretsa chitenje chimodzi, amayi ankachivala masabata atatu otsatizana kutchalitchi, n'kumauza aliyense amene wawayang'ana kuti wagula ndi mwana wawo wa ku Kande. Za mwana wawo wa pa Mpamba sindinamvepo akuuza munthu.

Loweruka lina mng'ono wangayo anatsika pa kabaza foni ili kale m'manja.

"Achemwali, mutithandize kusankha. Bambo a ana akufuna kugula kalavani."

"Kalavani? Mwasanduka azungu a kugombe aja tsopano?"

"Akuti ana azidziwa dziko lawo. Tiziikoka ndi galimoto, kukagona kumene tafuna. Ulendo woyamba titenga amayi."

Mawu omalizawo ndi amene anandipweteka. Ine ulendo umene ndinawatengako amayi unali wa ku chipatala chachikulu, kukajambulitsa mawondo.

Anandionetsa zithunzi za makalavani awiri. Yoyamba inali yakale, utoto utayamba kufwifwa, koma inali ndi chitseko pakati chogawa zipinda ziwiri, ndi tenti yolumikiza m'mbali. Yachiwiri inali yoyera mbee, ya firiji, mbaula ya gasi ndi makatani a maluwa. Mkati mwake munali chipinda chimodzi chokha, mabedi awiri atayang'anizana, pakati pongokwana munthu mmodzi kudutsa.

Ndinaona vuto lake nthawi yomweyo. Amayi ndi munthu wakale pa nkhani ya apongozi. Zaka zonsezo m'nyumba mwanga sanadyepo amuna anga akuona. Amuna anga akalowa pabalaza, iwo ankatenga ndodo yawo n'kutuluka kukakhala pakhonde, ndipo moni ankapatsirana patali, aliyense atayang'ana kumbali. Munthu woteroyo akagone chipinda chimodzi ndi mkamwini, mabedi atayang'anizana? Mng'ono wanga sanakhale ndi amayi nthawi yaitali, ndiye zimenezi zinali zitamuchoka m'mutu.

"Tengani yoyerayi," ndinatero. "Inayo anthu aziti mwakoka khola la nkhuku."

Anaseka, n'kuwalembera amuna ake pomwepo kuti achemwali asankha. Sindinalakwitse ayi, ndinkadziwa chimene ndinkachita. Ndinkafuna amayi akafike kumeneko, akaone mabediwo, abwerere kwa ine m'mawa mwake atakwiya, anene kamodzi kokha kuti kwa mwana wawo wamkulu n'kumene kuli ulemu.

Kalavani inafika pa Mpamba mu Disembala, ikukokedwa ndi pikapu ya alamu. Akabaza anasiya makasitomala awo, amayi ogulitsa nthochi anasiya mabeseni, onse kudzasuzumira pawindo. Amayi anatuluka m'nyumba ataiwala ndodo, munthu amene ndimamugwira mkono popita kubafa. Alamu anapatuka kukaima kuseri kwa galimoto kuti apongozi awo alowe momasuka. Ndinawamva amayi mkatimo akusisita makatani, akutsegula timakabati tonse kamodzikamodzi. Masana amenewo mabedi anali atapindidwa kukhala mipando, choncho sanaone kanthu kachilendo. Amuna anga nawonso analowa amayi atatuluka, n'kuyamba kutsegula ndi kutseka firiji ngati sanaionepo, mpaka ndinawakoka malaya.

Ananyamuka tsiku lomwelo kupita kugombe lina cha ku Bandawe, akuti akakhala masiku atatu. Ine ndinachapa zofunda za amayi, kuwayalira bedi, n'kuwagulira mbatata zimene amakonda kumwera tiyi. Kuntchito m'mawa mwake ndinkangoyang'ana kumsewu, mpaka mayi wina woyembekezera anandifunsa ngati ndikudikira malipiro.

Sanabwere tsiku limenelo. Tsiku lachiwiri sanabwere, lachitatu chimodzimodzi. Foni sindinaimbe, poti amene watchera msampha sapita kukafunsa mbewa kuti zachedwa bwanji. Tsiku lachinayi mng'ono wanga analemba kuti abwerako bwino, onse ali ku Kande. Ndinapempha mnzanga kuti andigwirire ntchito, ndinakwera minibasi.

Ndinapeza kalavani itaimikidwa pansi pa mtengo wa mango, pambali pa nyumba yawo, matayala atatchingidwa ndi njerwa. Pabwalo lake panali posesedwa bwino, masesedwe amene ndimawadziwa. Amayi anali atakhala pakhomo la kalavaniyo, miyendo ili pa sitepe, akusankha nyemba m'lichero.

Ndinawapatsa moni, n'kufunsa ngati anagona bwino paulendo.

"Mwanawe, ndinatsala pang'ono kuchita manyazi," anatero. "Atatambasula mabedi aja ndinangoti ine ndikagona pamchenga. Mng'ono wakoyu anayamba kulira. Koma bambo a kunowa anangotenga mkeka ndi neti, n'kukayala kumbuyo kwa galimoto. Masiku onse atatu anagona kumeneko, tsiku lina mvula inawavumbwa. Munthu wagula nyumba ndi thukuta lake, n'kukagona panja chifukwa cha ine."

Anapukusa mutu, akumwetulira. Ndinadziwa kuti nkhani imeneyi idzamveka kutchalitchi chaka chathunthu, kuposa ya chitenje.

Alamu anatulukira kuseri kwa nyumba, anaima chapatali monga mwa ulemu wawo.

"Yewu ukongwa, alamu, potisankhira," anathokoza m'Chitonga chawo. "Ife sitinaganize za chipinda chija, tinangoona kuwala. Ndiye ndaona kuti ine Januwale ndibwerera ku Joni, chinthuchi chizingokhala. Zoyendayenda tizichita ndi tenti. M'menemo azigona amama, ine sindidzalowamonso."

Ndinawayang'ana nkhope kuti mwina akundinyoza. Sankandinyoza, ndipo zimenezo zinandiwawa kwambiri kuposa akanandinyoza. Choipa chitsata mwini.

"Koma mankhwala anu ali kwathu, amayi," ndinatero. "Mawondowo azikuthowani ndani? Sitepeyi muzikwera bwanji?"

"Ndakwera kale masiku anayi. Mankhwalawo utumize pa minibasi."

Kenako anamasula mfundo ya pakona ya chitenje chawo, pomwe amamanga ndalama ya chopereka. Munali kiyi wamng'ono. Anandionetsa ali m'manja mwawo, osandipatsa kuti ndigwire.

"Chimwalirireni bambo ako, sindinatsekepo chitseko changa," anatero. "Kwa iwe ndinakhala bwino, sindikudandaula. Koma ndikafuna kusintha zovala ndimayamba ndathamangitsa adzukulu. Muno ndikatseka, ndatseka."

Ndine namwino, ndinkadziwa tsiku limene mankhwala awo athere, ndinkadziwa bondo limene limayamba kutupa kukazizira. Za chitseko sindinaganizepo ngakhale kamodzi, ndipo za mbewa zija ndinkayesa nthabwala. Nsanje sinandichokere pomwepo ayi, ndisaname. Ndinkafuna kugwetsa chinthu choyeracho ndi makatani ake omwe. Mng'ono wanga anatuluka ndi kapu ya madzi, anandipatsa atagwada. Mpaka lero sindidziwa ngati anazindikira chifukwa chimene ndinasankhira kalavani imeneyo, ndipo sindinamufunse.

Amayi anaika lichero pambali, anagwira chitseko n'kudzuka okha, n'kulowa mkati.

"Bwera udzaone mmene ndayalira," anatero.

Ndinaponda sitepe yoyamba, ndikufuna kulowa monga ndinkalowera m'chipinda chawo kwathu, osagogoda.

"Iwe, kwa eni ake amalowa choncho?"

Ndinabweza phazi pansi. Mng'ono wanga anali akuona, alamu akuona. Ndinaima pamchenga wosesedwawo ndi chikwama changa cha kuntchito kukhwapa.

"Odi," ndinatero.

"Lowani, alendo," anayankha amayi.