Handiredi ya Amayi

Ntchito yanga ndi yokweza ana pasikelo, pachipatala china chaching'ono kuno ku Mulanje. Amene anagwirapo nane ntchito amadziwa kuti pa nkhani ya makilogalamu ndilibe chibale. Mayi akandiuza kuti mwana wake walemerako, ndimamuyankha kuti mkono wake si sikelo. Mankhwala timapereka poona makilo, ndipo ukangoganizira, mwana umupatsa ochepa kapena umupyoletsa muyezo. Kumsika wa Chitakale, ogulitsa ufa pa timbale tophwanyika pansi akangondiona amayamba kukodolana kuti abwera asikelo aja. Sindikwiya nazo, chifukwa sanama.

Koma munthu amene anandibereka ankadana nawo makilo mpaka tsiku limene tinamuika m'manda.

Amayi ankathyola tiyi paesiteti ina kumunsi kwa phiri, ndipo ife tinakulira m'nyumba za kampani. Pa nthawiyo masamba ankayezedwa m'mapaundi. Azimayi ankafola ndi madengu awo pansi pa mtengo, kalaliki n'kumakoleka masamba a aliyense pasikelo, n'kufuula nambala kuti onse amve. M'dzinja, tiyi akaphuka bwino, amayi ankakwanitsa mapaundi handiredi pa tsiku. Sanali ambiri ofika pamenepo. Kalaliki akafuula kuti "Handiredi!" anzawo ankaimba nthungululu, amayi n'kumangopukuta manja pachitenje ngati sizikuwakhudza. Kusukulu sanapiteko, bambo anali atatisiya kalekale, ndipo dzina lawo ankasayina ndi chala. Handiredi imeneyo ndiyo inali ulemu wawo wonse pamaso pa anthu.

Ndili kupulayimale, dziko linasintha miyezo. Paesiteti anabweretsa sikelo zatsopano za makilo. Akapitawo anafotokoza kuti palibe amene aberedwe, tiyi ndi yemweyo, nambala yokha ndiyo ichepe. Tsiku loyamba amayi anathyola ngati masiku onse, kalaliki n'kufuula fote faifi. Palibe anaimba nthungululu. Ndani angaimbire fote faifi?

Anafika kunyumba atakhwinya nkhope, osafuna kudya. Ine ndinali nditaphunzira kale za makilo m'kalasi, choncho ndinagwada pafupi nawo n'kuyamba kulemba masamu pansi ndi kamtengo, kuwaonetsa kuti m'kilogalamu muli mapaundi awiri ndi kanyenyeswa. Anandimvetsera mpaka kumapeto.

"Mwanawe, usandione ngati chitsiru," anatero. "Mutu wamva. Koma khutu langali silinamve."

Dzinja limenelo anachita zomwe munthu wanzeru ngati iwo sakanayenera kuchita. Anayamba kuthamangitsa handiredi ya makilo. Ankalawirira kumunda mame asanaume m'masamba, osapuma ndi pa nthawi ya phala yomwe, ngakhale mvula igwe chotani. Pofuna kulemeretsa dengu anayamba kuthyolera limodzi masamba okhwima, iwo amene ankaphunzitsa atsikana kuthyola nsonga yokha ndi masamba awiri. Tsiku lina kapitawo anakhuthula dengu lawo pansi, anthu onse akuona, n'kuwauza kuti asankhe. Anasankha atagwada. Msana umene unawavutitsa moyo wawo wonse unayamba chaka chomwecho, ndipo handiredi ya makilo sanaiyandikire n'komwe.

Kuyambira pamenepo tinapangana pathu. Akaweruka ankanditchulira nambala ya kalaliki, ine n'kuitembenuzira m'mapaundi. Ikakwana handiredi ndinkawauza, iwo n'kugwedeza mutu, n'kupita kukasamba. Sizinali zofanana ndi kumva kalaliki akufuula pagulu, koma zinkawakhazika mtima pansi.

Nditakula n'kuyamba ntchito, mkangano wathu unasanduka nthabwala. Ndikawachezera kumudzi kufupi ndi Milonde, kumene anakakhala atapuma ntchito, ankandilandira ndi mawu akuti, "Abwera a boma aja amene anadula manja anga pakati." Ine ndinkawabwezera kuti mapaundi awowo anapita ndi atsamunda, angotsala nawo okha dziko lonse lino. Zidzukulu zawo zonse ndinazikweza pasikelo ndekha, sikelo yokoleka, yofanana ndithu ndi ya tiyi ija. Ndikawauza kuti mwana wabadwa ndi makilo atatu ankatsonya. "Mwana wa munthu angabadwe ndi zitatu? Nena bwinobwino." Ndikatchula mapaundi, ndiye ankamunyamula.

Chaka chathachi anadwala chifuwa chachikulu. Ndinawatenga kudzakhala kwanga. Mapiritsi a nthenda imeneyi amaperekedwa poona kulemera kwa munthu, choncho sabata iliyonse ndinkawaimika pasikelo yopondapo. Ulendo woyamba inaonetsa makilo sate naini. Ndinachita mantha, chifukwa ntchito yanga inandiphunzitsa tanthauzo la nambala yotere pa munthu wamkulu. Chakudya ankakana. Phala ankalawa kawiri n'kukankha mbale, amvekere pakamwa pakuwawa.

"M'mapaundi ndi zingati zimenezo?" anafunsa ali chiimire pasikelo, atandigwira phewa.

Ndinawerengera mumtima. "Eyite sikisi, amayi."

"Ndiye kuti ineyo thupi lonseli sindikukwana tiyi wa tsiku limodzi?"

Ndinawatsitsa pasikelo. Madzulo ake anaitanitsa phala, n'kundiuza kuti ndithiremo nsinjiro zambiri. Anamaliza mbale yonse akuchita tsinya ngati akumwa mankhwala owawa. Ndinazindikira kuti ayambanso kuthamangitsa handiredi, ndipo ulendo uno ndinathamanga nawo limodzi. Ndinkagula mazira, mkaka, nthochi, usipa wa ku Chitakale, chilichonse chimene akanameza. Ine amene ndinkanyoza mapaundi pamaso pa anthu, ndinkawerengera mapaundi tsiku lililonse ndikupita kuntchito. Handiredi inkafuna makilo fote faifi ndi kanyenyeswa, nambala yomweyo imene inawalanda ulemu pansi pa mtengo paja.

Anakwera pang'onopang'ono. Anafika fote wanu, kenako fote firii. Anayambanso kuseka, kundinena kuti nsima yanga ndi yosakhwima ngati ya mwana wasukulu. Kenako miyendo inayamba kutupa, mpweya n'kumawathera. Adokotala anandiitanira pambali n'kundiuza kuti mtima watopa. Sanafunike kundifotokozera zambiri. Chakudya chinayambanso kubwerera, ndipo nkhope inkaphwa ndikuona.

M'mawa wina, dzuwa litangowomba pakhonde, anandiuza kuti nditulutse sikelo. Ndinayesa kuzemba, ndinati batire yatha. Anandiyang'ana mpaka ndinakaitenga. Ndinawadzutsa pampando, n'kuwaimika, nditawakumbatira m'chiuno mopepuka kuti ndisasokoneze muyezo. Maso awo anali atafooka, nambala sakanaiona. Ine ndinaiona. Inali fote thuu.

Pa ntchito yanga sindinawonjezerepo mwana ngakhale magalamu ochepa kuti mayi ake asangalale. Ndimaphunzitsa achinyamata obwera kumene kuti sikelo ikanena, iwe lemba zomwezo, ngakhale mayi alire. Ndimakhulupirirabe zimenezi, ndipo mawa ndikapita kuntchito ndikanenanso zomwezo.

"Zingati?" anafunsa.

"Handiredi, amayi."

Anapumira m'mwamba, dzanja lawo lili paphewa langa. Zala zimenezo zinali zokhakhala mpaka ukalamba, zodetsedwa ndi utomoni wa tiyi umene sopo sanauchotse.

"Bodza," anatero. "Thupi ndi langa, ndikulimva. Iwe kunama sudziwa, unatengera ine."

Misozi yanga inali itayamba kale kutsika. Ndinafuna kuwatsitsa pasikelo, koma anakanirira, mapazi otupawo ali pomwepo.

"Nenanso," anatero. "Koma usanong'one ngati wakuba. Kalaliki ankafuula."

Ndinafuula. Mayi woyandikana nane nyumba, amene ankayanika zovala, anatembenuka kudabwa. Nayenso anakulira m'nyumba za kampani, mayi ake ankathyola tiyi. Anayang'ana ine, anayang'ana gogo ali pasikelo, n'kusiya chovala chili m'manja kugwera mubeseni. Anaika dzanja pakamwa n'kuimba nthungululu.

Amayi anapukuta manja pachitenje, n'kundiuza kuti ndiwabwezere pampando.