Pepala la Ntchito M'thumba la Thalauza

Ndinaba pepala, ine munthu wa digiri ya udokotala wa masamu. Linali pa bolodi ya zolengeza kuntchito kwathu: yunivesite ina yakunja inkafuna wofufuza mmodzi kwa zaka ziwiri. Oyenera tinalipo awiri, ine ndi Ba Mwansa, mnzanga wa ofesi imodzi. Samu yake inali yosavuta, awiri kuchotsera mmodzi. Ndinayang'ana uku ndi uku, n'kulithothola, n'kulipinda, m'thumba!

Loweruka kunyumba ku Chelstone mkazi wanga anachapa thalauzalo. Adiresi yonse inasanduka phala.

Lolemba ndinalowa mu ofesi ndikukanda mutu, n'kupereka moni. "Shani, Ba Mwansa? Ija pepala ya nchito munaionako?"

"Ninakopela adiresi kawalala akalibe kuichosa," anatero. "Tengani, mulembeko naimwe. Koma Ba Phiri, munthu wophunzila kuba pepala zoona?"

Ndinapukusa mutu, n'kudandaula nawo kuti anthu masiku ano alibe khalidwe.

Ntchitoyo anaipeza iwowo. Ine ndikadali mu ofesi yomweyo. Bolodi ija akuluakulu anaiika galasi ndi loko chifukwa cha mbava, ndipo kiyi anapatsa ine, ati ndine wokhulupirika.