Khoswe Womaliza M'kaundula

Bambo oyandikana nafe nyumba amagwira ntchito kulabotale, komwe amamwetsa makoswe mankhwala a kuthamanga kwa magazi. Akatero amaunika timitsempha ta makoswewo ngati tatakasuka, chifukwa tikathina magazi amayenda movutikira. Makoswe alipo makumi awiri, ndipo aliyense akamwa amamuchonga m'kaundula. Sanaphonyepo tsiku.

Eni akewo ali ndi nthenda yomweyo, koma ngati ndinamva bwino, mapiritsi awo ankawaiwala. Mwezi watha anagwa ndi chizungulire pakhomo.

"Abambo, mukufuna ndikhale wamasiye makoswe anu ali gwa?" anafunsa akazi awo.

Mayiwo anatulutsa kaundula uja m'chikwama n'kuwonjezera mzere pansi: Nambala 21.

Bambowo sanaufufute. Amauchonga m'mawa uliwonse, akathana ndi makumi awiri aja.