Tsamba la Nabanda

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene ndinang'amba tsamba m'laibulale ya pasukulu pathu, m'mapiri a ku Ntchisi. Laibulaleyo inali kachipinda kakumapeto kwa mdadada wa makalasi, konunkha fumbi ndi zitosi za mileme. Kiyi ankasunga ndi aphunzitsi a Chimwaza, bambo wamtali, wolankhula motsitsa. M'mashelefu munali mabuku a ndakatulo ndi nthano za ku India, ku Russia, ku Nigeria, ambiri opanda zikuto. Pamwamba penipeni panali makope anayi amene iwo analemba pamanja. Loweruka ankapalasa njinga m'midzi, kukakhala pambali pa amayi osinja, n'kumalemba nyimbo zawo za pamtondo ndi dzina la woimba pansi pake.

Tsiku lina mnzanga Elube anatsegula kope lachitatu n'kuyamba kuwerenga mokweza. Inali nyimbo ya mayi wodandaula kuti fodya walima yekha, wasoka yekha, koma chitenje wavala wina wa ku Mponela. Pansi panalembedwa kuti Nabanda. Aliyense ankadziwa kuti Nabanda ndi amayi anga, ndiponso kuti chaka chimenecho bambo atagulitsa fodya anatha miyezi itatu osaponda pakhomo. Poweruka, anyamata anaiimba kumbuyo kwanga chitunda chonse mpaka kudambo.

M'mawa mwake ndinapempha kusesa m'laibulale. Ndinang'amba tsambalo, kulipindapinda, n'kukaliponya m'chimbudzi.

Patapita sabata a Chimwaza anandiitana. Kope linali lotsegula patebulo, ndodo panalibe.

"Ulemu, tsamba la apa lili kuti?"

"Sindikudziwa, aphunzitsi."

"Amayi ako anandiimbira kawiri kuti ndisaphonye mawu. Nditawafunsa ngati ndibise dzina, anakana. Anati lembani, adziwe kuti ndine."

Kenaka anatsitsa kabuku kena kothetheka m'mbali. Anati ndakatulo za mmenemo analemba mayi wina wa kutsidya kwa nyanja, amene nayenso anasiyidwa ndi mwamuna, ndipo anamwalira agogo athu asanabadwe. "Tikumumva lero chifukwa panapezeka womusungira. Pita ukawapemphe amayi akuimbirenso. Ulembe wekha, tidzamatepo."

Ndinavomera, koma sindinachite. Kuti ndiwapemphe, ndinayenera kuyamba ndaulula zimene ndinachita. Ndinkati mawa. Amayi nawo anasiya kuiimba chigayo chitafika m'mudzi mwathu. Chimanga tinkangosenza kupita nacho kumeneko. A Chimwaza anandifunsa kawiri, kachitatu anangondidutsa. Chilango chinanso sanandipatse, ndipo nthawi zina ndimalakalaka akanandikwapula, nkhani n'kuthera pomwepo.

Amayi anamwalira ndili Fomu 2, m'nyengo ya mvula, ali pangolo yopita nawo kuchipatala cha paboma.

Chaka chatha ndinabwerera kusukuluko. A Chimwaza anatisiya kale, koma makope alipo, akutidwa ndi pulasitiki. Ndinapezamo nyimbo za amayi ake a Elube, za azakhali anga, za anthu amene manda awo sadziwikanso. Pamalo pa amayi anga pali kachidutswa ka pepala kotsalira kuulusi. Ndinapita kwa amayi aang'ono kukawafunsa ngati akuikumbukira. Anayesa kuing'ung'udza, n'kugwedeza mutu. "Imene ija inali ya amayi ako okha, mwanangu. Ife tinkangoyankha."

Nthawi imeneyo ndinkaganiza kuti ndikuwaphimba amayi kumanyazi. Lero ndikudziwa kuti manyaziwo anali anga. Iwo anali atasankha kale kumveka, ndipo ndinawatseka pakamwa ndine mwana wawo. Nyimbo yonseyo ndatsala nayo mizere iwiri, ndipo ndikati ndiikumbukire, sibwera m'mawu a amayi. Imabwera m'mawu a anyamata aja, akuseka.