Chokoleti cha Amayi Tusekele

Ine ndine Elube, ndimakazinga tchipisi pa siteji ya kabaza ku Chinsapo. Benchi yoyandikana ndi chiwaya changa ndi ya Amayi Tusekele, ndipo nkhani iyi ndi yawo. Anthu a pa siteji pano safuna kuti izikambidwa. Ukaiyamba, wina amayamba kupukuta njinga yake, wina amakumbukira kuti ali ndi foni yoti aimbe. Ine ndiikamba basi, wokwiya akwiye.

Amayi Tusekele anachokera ku Karonga ali mtsikana, kutsatira amuna awo amene ankayendetsa lole muno mu Lilongwe. Bambowo atamwalira, achibale anawauza kuti abwerere kumudzi, koma iwo anakana. Anati mwana wawo Bright anabadwira mtauni, mpunga sadziwa kulima. Anagula benchi n'kuyamba kugulitsa masiwiti, mabisiketi, chingamu ndi machesi. Chichewa chawo mpaka lero chimamveka kuti n'cha kumpoto, ndipo anyamata a kabaza ankakonda kuwayeserera kalankhulidwe. Iwo ankangoseka n'kuwaopseza ndi kamtengo kothamangitsira ntchentche. Tsiku la Umanyano, limene amayi a mpingo wawo amasonkhana, ankavala bulauzi yoyera mbee, benchi n'kundisiyira ine.

Bright atakula anapita ku Joni, ndipo m'malo motumiza zovala anayamba kutumiza makatoni a chokoleti pa basi. Apa ndiye benchi ija inatchuka. Chokoleti cha m'mashopu a mtauni ife timangochiona pa galasi, koma cha Amayi Tusekele munthu wa kabaza ankachikwanitsa. Mnyamata wofuna kufunsira ankayambira pa benchi imeneyi. Azibambo olakwira akazi awo ankadutsiranso pomwepa asanakafike kunyumba, ndipo ine ndinkawadziwa onse ndi kayendedwe komwe.

Koma eni akewo chokoleticho sankadya. Ngakhale kunyambita chala chokha, ayi.

“Masiteni, katundu wanu yemwe simumudya bwanji?” ankawafunsa anyamata.

“Mano, mwana wanga, mano,” ankayankha choncho akugwira tsaya.

Sanali mano. Amayi Tusekele ali ndi matenda a shuga. Kuchipatala anawaletsa zotsekemera, tiyi amamwa wopanda kanthu, ndipo m'mawa uliwonse amameza mapiritsi. Mapiritsiwo ankawabisa mu kansalu pansi pa benchi, chifukwa kuno munthu akaoneka akumwa mankhwala tsiku ndi tsiku, anthu amamupatsa matenda ena amene iye alibe. Pa siteji yonse ndinkadziwa ndine ndekha, ndipo anandilumbiritsa kuti ndisauze munthu.

Tsiku limene ndikunenali linali la mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Katoni yatsopano inali itangofika, ndipo chokoleti cha ulendo umenewo chinali chachilendo. Pa pepala lake panali chithunzi cha kamtedza kobulungira, kosiyana ndi mtedza wathu wa kumunda. Katoniyo inali itatentha mu basi njira yonse, chokoleti n'kusungunuka, kenako n'kuumanso. Ukachimasula, pamwamba pake pankaoneka mbuu ngati pawazidwa ufa.

Masana kunabwera Medson, bambo wa ana awiri woyendetsa njinga yamoto, munthu wanthabwala amene sankadutsa osatipatsa moni. Anadya tchipisi kwa ine, n'kusunthira pa benchi ya amayi aja.

“Masiteni, chatsopanochi ndichiyese. Chikakoma ndikagulira madamu.”

Anamasula, n'kuluma kawiri katatu, akuseka ndi anzake. Sipanapite nthawi, ndinamuona akukanda pakhosi. Kenako milomo inayamba kufufuma ine ndikuona ndi maso angawa. Anafuna kulankhula koma mawu sanatuluke, kunkangomveka kamluzu pachifuwa. Anagwira chiwongolero cha njinga yake, njingayo n'kugwa, iyenso n'kugwera pomwepo, maso ali tong'o.

Anzake awiri anamukweza pa njinga ina, wina kutsogolo wina kumbuyo, iye pakati mutu uli lende, n'kuthamangira kuchipatala. Zikanathera pomwepo bwenzi zili bwino. Koma Pemphani, mkulu wake wa Medson, amene ankawotcha kanyenya kutsidya kwa msewu, anali atafika kale mpeni uli m'manja. Anatola chotsala cha chokoleti chija pa fumbi n'kuchiyang'anitsitsa.

“Ufa uwu ndi wa chiyani?” anafunsa.

“Si ufa, bambo,” anatero Amayi Tusekele. “Chimatero chikasungunuka ndi dzuwa.”

“Ndikuti ufa uwu ndi wa chiyani, mayi iwe?”

Munthu wina kumbuyo anakuwa kuti, “Poizoni!” Sindinamuone nkhope, ndipo mpaka lero palibe amene amavomera kuti anali iye. Mawu amenewo anathamanga msewu wonse. Ogulitsa makala anasiya matumba, a mu saluni anatuluka tsitsi lili theka, ena anatsika mu minibasi osadziwa n'komwe kuti kwagwanji. Mayi wina amene dzulo lake anagula machesi pa benchi yomweyo anati, “N'chifukwa chake sadya! Inu munamuonapo akudya?” Anthu anayankha kuti sanamuonepo.

Kwathu kuno, ukamupatsa munthu thobwa kapena mowa, umayamba wamwako iwe mwini iye akuona. Timati kuchotsa ufiti. Ndi mwambo wabwino ukamachitika anthu akuseka pa khonde. Tsiku limenelo Pemphani anausandutsa chikwapu. Anakankha benchi ndi mwendo, masiwiti ndi mabisiketi n'kumwazikira mu ngalande, anakoka katoni ija n'kuikhuthulira pamapazi pa amayi aja.

“Chotsa ufiti. Idya tione.”

“Sindingadye, mwana wanga.”

Mbama ya Pemphani inalira ngati thabwa lathyoka. Duku linagwa. Mayi wa msinkhu wobereka Pemphani yemweyo anagwada pa fumbi, dzanja lili patsaya.

Lumbiro lija ndinaliswa pomwepo. Ndinakuwa kuti, “Asiyeni, ali ndi shuga amenewo! Mapiritsi awo ali mu kansalu apo, onani!”

“Shuga wayamba lero?” anatero Pemphani. “Iwe Elube, mwina mumapangira limodzi.”

Wina anandikoka bulauzi kumbuyo, wina anandimenya chigongono pakamwa. Chiwaya changa anachigubuduza, mafuta otentha n'kumwazika, ndipo chipsera chake ndili nacho pa mwendo mpaka pano. Kansalu ka mapiritsi anakapeza ndithu, koma mnyamata amene anakatola anakakweza m'mwamba n'kunena kuti, “Si uyu poizoni wake!” Anthu anakuwa ngati timu yawo yagoletsa.

Amayi Tusekele anayang'ana anthu aja mmodzimmodzi. Ambiri ankawadziwa mayina, ena ankawadziwa kuyambira ali pamsana. Kenako anatola chokoleti chimodzi, anamasula, n'kuyamba kudya. Atamaliza, Pemphani anawaponyera china. Atamaliza icho, china. Akachedwa kumeza, chibakera cha m'nthiti. Wina anawagwira tsitsi n'kuwakankhira chokoleti m'kamwa ndi pepala lomwe. Mlomo unali utang'ambika, moti magazi ndi chokoleti zinkatsikira limodzi pachibwano, osadziwika kuti ichi n'chiti. Sanalire mokweza. Ankangotchula dzina la Bright motsitsa, m'chinenero cha kwawo.

Munthu amene wakhala zaka osalawa shuga, wamenyedwa m'mimba, wamezetsedwa zotsekemera pa dzuwa loterolo, n'chiyani chingachitike? Anasanza. Anasanza kwambiri, n'kugwa chammbali.

“Mwaona!” anakuwa Pemphani. “Wamugwira poizoni wake yemwe!”

Chimene chimandiwawa mpaka lero n'chimenechi. Akanapanda kudya, akanati wakana chifukwa akudziwa. Atadya n'kudwala, anati umboni ndi umenewo. Panalibe khomo loti mayi uja atulukire, ndipo anthu aja sankafuna n'komwe kuti likhalepo.

Njerwa yoyamba inawapeza paphewa. Yachiwiri inawapeza pa diso lakumanzere, ndipo phokoso lake sindifuna kulikumbuka. Ena ankaponda, ena ankajambula pa foni. Ndinaona tayala likugubuduzidwa kuchokera kwa owotcherera, ndipo mnyamata wina anali atayamba kupopa petulo mu thanki ya njinga ndi kapaipi. Ine ndinakwawa n'kudzigwetsa pamwamba pawo, osati chifukwa cha kulimba mtima, koma miyendo inali itakana kuthawa. Ndinalandira zanga za kumsana. Galimoto ya apolisi imene inkadutsa ndi imene inatipulumutsa. Mfuti italira m'mwamba, anthu olimba mtima aja anabalalika, ena kusiya ndi masilipasi omwe.

Anatitengera ku chipatala chomwe anapititsako Medson. Pamene ife tinkafika, iye anali atabayidwa kale jakisoni, akupuma bwinobwino, milomo ikuphwa. Adokotala anamuuza kuti m'chokoleti muja munalibe poizoni aliyense. Chinamupweteka ndi kamtedza kachilendo kaja. Anati alipo anthu ena, akuluakulu omwe, amene thupi lawo limadana ndi mtedza wa mtundu wina, moti akangodya khosi limatupa, pamene anzawo akudya chomwecho osamva kanthu. Medson anatsutsa kuti iye mtedza amadya kuyambira ali mwana. Anamuyankha kuti uwu ndi wina, wa mu mtengo, ndipo akadzaudyanso mwina sadzafika n'kuchipatala komwe. Za ufa woyera uja anati ndi mafuta a chokoleti chomwecho, amene amakwera pamwamba chikasungunuka n'kuumanso. Ndi zomwe Amayi Tusekele ananena poyamba paja, asanalandire mbama.

Medson anatuluka m'mawa mwake. Amayi Tusekele anakhalitsa. Nthiti zinali zitathyoka, shuga anakwera moti anavutika kumutsitsa, ndipo diso lija silinapulumuke. Amayi a Umanyano ndiwo ankasinthana kuwadikirira. A pa siteji sanabwere, kupatula Medson, amene anagwada pafupi ndi bedi n'kulira ngati mwana. Iwo anamusisita mutu n'kumufunsa ngati khosi lasiya kuwawa. Ine ndinatuluka panja, chifukwa mtima wanga si wofewa choncho.

Pemphani anamangidwa, ndipo atatuluka anasamutsira kanyenya wake ku Mtsiliza. Ena onse aja alipo. Amene anagubuduza tayala amandigula tchipisi, n'kumapemphanso kuti ndimuwonjezere saladi. Ukawafunsa amati, “Zinangochitika, sisi, anthu anali ndi mantha.” Mantha ake ati ogenda nawo mayi wogwada?

Bright anaimba foni kuti amayi ake asiye geni, abwerere ku Karonga. Anakananso. Anati sangapite kumudzi ndi diso limodzi kuti akakhale mtolo wa anthu. Anakhometsa benchi ija n'kubwerera pamalo pawo, atavala magalasi akuda. Chokoleti cha mtedza anamuuza Bright kuti asadzatumizenso, ndipo aliyense wogula ankayamba amufunsa ngati pali chakudya chimene chimamutupitsa. Koma anthu ankangodutsa. Zimene ananena adokotala anazimva ndithu, koma mumtima ankati mwina china chake chinalipo. Machesi ankagula, chokoleti ayi.

Tsiku lina kunabwera mayi wina wovala bwino, wogwira ntchito ku Area 47. Anasankha chokoleti chimodzi, anachitembenuza uku ndi uku, kenako anati, “Lawani kaye, amayi.”

Ndinasiya chipande kuti ndimuyankhe, ndipo mawu amene ndinakonza sanali a kutchalitchi. Koma Amayi Tusekele anandiletsa ndi dzanja. Anamasula pepala, anabenthula kakona, n'kuika m'kamwa mayi uja akuona. Anatafuna, n'kumeza, n'kumwetulira. Mayi uja anagula ziwiri.

Kuyambira tsiku limenelo ndi mmene amagulitsira. Safunsidwanso, amangobenthula okha. Malonda abwerera, anyamata ofunsira ayambanso kuima pa benchi, ndipo amawayamikira kuti masiteni masiku ano ndi omasuka. Tsiku la malonda ambiri ndimawaona madzulo akumwa madzi kapu ndi kapu, milomo ili gwa, akupita kuseri pafupipafupi. Ndakangana nawo kangapo. Ndinafika powauza kuti ndizilawa ine m'malo mwawo, koma anati ogula safuna pakamwa panga, akufuna pawo.

Sabata yatha anavula nsapato kuti apumitse phazi, ndipo ndinaona bala pa chala chachikulu, lakuda m'mbali. Anati layamba kalekale, silikupola.

“Amayi, mukudzipha,” ndinatero. “Adokotala anakuuzani chiyani za shuga?”

Anabweza phazi mu nsapato pang'onopang'ono, n'kundiyang'ana ndi diso lawo limodzi lija.

“Elube, mwana wanga, shuga akundipatsa nthawi. Anthu awa tsiku lija sanandipatse.”

Pomwepo panaima mnyamata wa kabaza, mmodzi mwa amene ankajambula pa foni, n'kuloza chokoleti cha pepala lofiira. Amayi Tusekele anachitenga, anamasula, n'kubenthula kakona.