Njere za papaya m'mbale ya ankolo

Kanali kabotolo ka mafuta odzola, kotsekera kake kofiira kong'aluka pang'ono, ndipo amayi ankakabisa pansi pa thumba la makala, pamalo pomwe mwamuna sapisapo dzanja. M'katimo munali ufa wakuda wa njere za papaya. Mpaka lero ndikadula papaya n'kuona njere zija zitaunjikana ngati mazira a chule, njala imandithera pomwepo.

Chinali chaka chimene atate anamwalira. Ine ndinali ndi zaka khumi, mwana mmodzi yekha, mtsikana. Titachoka kumanda, abale a atate anakhala pansi n'kugamula kuti nyumba yathu ya zipinda ziwiri ku komboni ya Kanyama ndi ya banja lawo. Anati atate analowola, choncho ngati amayi akufuna denga, mng'ono wa atate alowe chokolo. Amayi sanafunsidwe, anangouzidwa. Munthuyo anafika ndi sutikesi ndi wailesi, sabata isanathe anali atavala kale jekete ya atate. Anandilamula kuti ndiziwatcha atate. Ine ndinaumirira pa ankolo, ndipo imeneyo ndi nkhondo yokhayo imene ndinapambana m'nyumba ija.

Amayi ankafuna kubwerera kwawo ku Katete. Koma inali miyezi ya njala, nkhokwe zilibe kanthu, ndipo akumudzi anayankha kuti tidikire akolole. "Mvula ikasila tizayenda," ankandinong'oneza akundiluka tsitsi, ine n'kumadikira kuti mvulayo ithe. Sanandiuze zimene wamkulu aliyense pakomboni ankadziwa, kuti akangotenga pakati pa ankolo, ulendowo watha. Abale a atate analibe nane ntchito ine mtsikana, ankadikira mwana wamwamuna. Akanabadwa, sakanalola kuti mwanayo achoke, ndipo amayi sanali munthu wosiya khanda. Mapiritsi olera kukiliniki analiko, inde, koma pamzerepo pankaima komboni yonse, komanso ankolo ankapisa m'chikwama cha amayi ngati wapolisi. Chimene chinatsala chinali mtengo wa papaya umene atate anadzala kuseri kwa nyumba, ndi mawu a mayi wina wa kumsika amene anawauza kuti njere zake zimatseka kubereka.

Mvula ya chaka chimenecho inatitsekera m'nyumba. Pansi pa Kanyama pali mwala, madzi salowa, amangoima n'kumakuyang'ana. Tinasanja matumba a mchenga pakhomo, koma madzi obiriwira ankadutsabe, atasakanikirana ndi za m'zimbudzi zosefukira. Popita kukatunga madzi tinkalumpha pa mabuloko, chigubu chili kumutu. Zovala sizinkauma, bulangete linkanunkha nkhungu. Ntchito yomanga inaima, ndiye ankolo ankakhala pampando wa atate tsiku lonse, wailesi ili pamwendo, maso ali pa amayi. Ndinkadana nawo, ndipo sindichita manyazi kunena.

Amayi ankakonza njere zija ankolo akapita kukasewera nsolo. Ankazikokota ndi supuni, n'kuzifikisa m'kansalu mpaka timatumba take toterera titaphulika, kenako n'kuzitsuka. Dzuwa loyanikira kunalibe, choncho ankaziwamba pachivundikiro cha poto, pambaula, akuzitembenuza ndi chala mpaka zitakwinyika. Akatero ankazisinja m'kamtondo, pang'onopang'ono kuti oyandikana nawo asamve. Fungo lake linkalasa m'mphuno ngati mpiru wosaphika.

Pophika, kaya ndi nyemba, kaya kapenta wa tomato, ankayamba apatula ndiwo zanga. Zotsalazo ankathiramo ufa uja, supuni yaing'ono yodzaza, n'kuvundula. Ankolo ankadyera m'mbale zawozawo monga mwamuna wa panyumba, ndipo ankanyambita zala. "Mpilipili wa uyu mukazi ni wina," ankatero, akudzitama ngati anaphika ndi iwo. Amayi nawonso ankameza supuni ina youma, atatembenukira kukhoma, n'kutsitsira madzi. Ine ndikapempha ankandimenya kadzanja. "Ivi ni va bakulu. Ndipo osauza munthu." Tsiku lina ndinanyambita mobisa. Zinawawa, zinatentha, misozi inatuluka, koma nsanje sinathe. Ndinkaona ngati amayi akupatsa ankolo chinthu chabwino chimene akundimana ine.

Ndiye kunabwera phunziro la zakudya. Aphunzitsi athu, mayi wachikulire amene ankafika m'kalasi atavala magambutsi, anati aliyense abweretse chokometsera ndiwo cha kunyumba kwawo. Anzanga anabweretsa mchere, anyezi, nsinjiro, soda. Ine ndinafuna kuwaposa onse, ndipo ndinaba kabotolo kaja. Aphunzitsi anakatsegula, n'kununkhiza, n'kundifunsa kuti n'chiyani. Ndinawauza. Anandikokera pambali. "Bamadya ndani ivi kunyumba?" Ndinati ankolo ndi amayi. Anatseka kabotoloko mwamphamvu, n'kukalowetsa okha pansi pa mabuku m'chikwama changa. "Bweza pamene unatenga. Usaonese munthu, wamvela?" Za anzanga zonse anaziyala patebulo, zanga ayi.

Lero ndikudziwa kuti mayi uja anatichitira chifundo. Tsiku lija ndinaona chipongwe chokhachokha. Ndinabwerera kunyumba nditatupa, ndikuponda dala m'madzi. Ndinapeza ankolo akudya nkhomaliro, amayi atakhala pansi pafupi ndi chitseko. Pakamwa pa mwana palibe chitseko. Ndisanavule n'komwe yunifomu ndinatulutsa kabotolo kaja n'kudandaula kuti aphunzitsi akana tsabola wathu wa njere za papaya, amene amayi amathira m'ndiwo za ankolo.

Ankolo anasiya kutafuna. Anayang'ana mbale, anayang'ana amayi. Amayi ankangoyang'ana zala zawo zakumapazi. Panalibe amene anakalipa. Ankolo anasamba m'manja n'kutuluka, ndipo ndikuganiza kuti anakafunsa anzawo a pansolo, chifukwa anabwerera atabwereka chikwanje. Mtengo wa papaya ndi wofewa, m'kati mwake muli mphako. Unagwa atangoutema kanayi, mapapaya osapsa n'kumayandama m'madzi akuda aja, utomoni woyera ukudontha pachitsa. Kenako anakhuthulira ufa uja m'ngalande n'kuponya kabotolo m'matope. Anandiuza kuti ndipite kwa oyandikana nawo. Kuyambira tsikulo ankakhala pafupi ndi mbaula amayi akamaphika, ndipo tonse tinkadya ndiwo za mumphika umodzi.

Amayi sanandimenye. Bola akanandimenya. Anangonditenga n'kupitiriza kundiluka tsitsi monga kale, koma mawu aja a Katete anasiya kuwanena.

Nditakula ndinafunsa namwino wina ngati njere za papaya zimaleradi. Anapukusa mutu, n'kunena kuti munthu asadalire zimenezo. Mwina amayi akanatenga pakati ngakhale ndikanatseka pakamwa. Masiku abwino ndimagwira mawu amenewo. Masiku ena ndimakumbukira kuti miyezi yonse imene kabotolo kanali pansi pa makala amayi ankayenda ngati munthu amene ali ndi kolowera, ndipo ndine ndinakatulutsa. Amayi anakhala m'nyumba ija mpaka imvi. Mlongo wanga amene anabadwa ndimamukonda kwambiri, ndi amene amandithamangira ndikadwala, ndipo nkhani iyi sindinamuuzepo.

Mvula inatha mu Epulo. Madzi anaphwa n'kusiya mzere wakuda pamakoma, chimanga chatsopano chinafika pamsika. Ndinkawakumbutsa amayi tsiku lililonse kuti mvula yatha, tinyamuka liti. M'mawa wina ndinawapeza kuseri kwa nyumba akusanza, atagwira chitsa cha papaya chimene chinali chitayamba kuwola. Atapukuta pakamwa anandiuza, osandiyang'ana, kuti ndidzakhala ndi mng'ono wanga.

Ndinalumpha, ndinavina, ndinathamanga kukauza anzanga onse a mumzere wathu. Pobwerera ndinaona kotsekera kofiira katatulukira m'matope ouma. Ndinafukula kabotolo kaja, ndinakatsuka ndi sopo mpaka fungo litatha, n'kuikamo timiyala kuti mwana akabadwa azikagwedeza. Ndinakapereka kwa amayi ndi manja awiri. Anakayang'ana, anakagwedeza kamodzi pafupi ndi khutu, n'kundibwezera. "Kalila bwino," anatero. Ine ndinangomva kuti andiyamikira, ndipo ndinathamanga kukafuna timiyala tina.